Tinalemba akatswiri kuti aunike mapasiwedi a bungwe lathu ku Zomba: mmene ntchito yawo inayendera

Bungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, lomwe mamembala ake ambiri ndi aphunzitsi a mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira monga Chinamwali, Matawale, Thondwe ndi Domasi, lili ndi pulogalamu ya pa intaneti imene membala aliyense amalowamo kuti aone masheya ake ndi ngongole imene yamutsalira. Pulogalamuyo ndinailemba ndine zaka zingapo zapitazo m'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha PHP, madzulo ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa makompyuta, ndipo nthawi yonseyi ndinkainyadira ngati mwana wanga. Chaka chino komiti inagwirizana zolemba ntchito kampani ina yaing'ono ya mumzinda momwe muno kuti iunike mmene pulogalamuyo imasungira mapasiwedi ndi kukonza pomwe pali polakwika. Dzina la bungwe lathu ndi la kampaniyo sinditchula, chifukwa nkhaniyi ikukhudza chitetezo cha ndalama za anthu, koma ndifotokoza zonse zimene anachita, zabwino ndi zolakwika zomwe, kuti mabungwe ena amene akulingalira zolipira ntchito yotereyi adziwe zoyembekezera.

Ganizo lowaitana linachokera kwa wapampando, amene anamva pamsonkhano wina kuti dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe amaliyang'anira a MACRA, ndipo anabwerako ali ndi nkhawa kuti tsiku lina tidzafunsidwa mmene timasungira zinsinsi za mamembala. Ine ndinavomera monyinyirika, poganiza kuti tingowononga ndalama kuti anthu atiuze zimene tikudziwa kale. Ofesi yawo ndi chipinda chimodzi m'nyumba ina ya mashopu kufupi ndi msika waukulu, ndipo amagwiramo anthu atatu, mayi wina amene amatsogolera ndi anyamata awiri. Nditangokhala pansi, mayiwo sanayambe ndi mitengo kapena kudzitamandira, koma anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, membala akaiwala pasiwedi yake n'kubwera kwa inu, mungathe kumuwerengera pasiwedi yakaleyo?" Ndinayankha molimba mtima kuti ayi, sindingathe, chifukwa mapasiwedi onse ndinawadutsitsa mu MD5 ndisanawasunge. Iwo anati mbali yoyamba ya yankho langa inali yosangalatsa, koma mbali yachiwiri ndiyo inali ntchito imene tinawaitanira.

Kwa owerenga amene salemba mapulogalamu, mpofunika ndifotokoze chimene amati hash, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Hash ndi masamu amene amalandira mawu aatali kapena aafupi n'kutulutsa mndandanda wa zilembo ndi manambala wa utali wosasintha. Ma hash alipo a mitundu ingapo: MD5 imatulutsa zilembo 32, SHA-1 imatulutsa 40, ndipo SHA-256 imatulutsa 64. Mawu omwewo amatulutsa zotsatira zomwezo nthawi zonse, koma mukasintha chilembo chimodzi chokha zotsatira zonse zimasinthiratu, ndipo palibe njira yowerengera chobwerera m'mbuyo kuti mupeze mawu oyamba aja. Ophunzira anga ndimawauza kuti zili ngati chimanga chimene chapita kuchigayo, poti ufa sungabwererenso kukhala chimanga. Choncho pulogalamu yabwino siisunga pasiwedi yeniyeni, imasunga ufa wake, ndipo membala akafuna kulowa imagayanso zimene walemba n'kuona ngati ufa watsopanowo ukufanana ndi umene uli m'nkhokwe. Izi zikusiyana ndi kubisa uthenga ndi kiyi, kumene munthu amene wapeza kiyiyo amatsegula zonse nthawi imodzi.

Ndinkadziwa kuti MD5 ndi yakale. Anaipanga Ronald Rivest mu 1991, ndipo mu 2004 gulu la Wang Xiaoyun ku China linaonetsa kuti n'zotheka kupeza mauthenga awiri osiyana otulutsa hash imodzi. SHA-1 nayo zinaichitikira zomwezo poyera mu 2017, pamene akatswiri a ku Google ndi a ku CWI ya ku Amsterdam anaonetsa mafayilo awiri a PDF osiyana koma a hash yofanana. Ine ndinkaona kuti vuto limeneli silikhudza kwenikweni mapasiwedi, ndipo ndinawauza choncho, ndikuyembekezera kuti atsutsa. Mayi aja anavomereza kuti pamenepo ndanena zoona, kenaka anati vuto la MD5 pa mapasiwedi ndi lina, lomwe ndi liwiro lake. Anawonjezera kuti ndikanati ndingosintha n'kuika SHA-256, imene mpaka lero palibe anaithyola, bwenzi nditachoka m'matope n'kugwera m'dambo, chifukwa nayonso anaipanga kuti izithamanga. Wakuba amene watenga database, ndiye kuti nkhokwe yonse ya uthenga wa mamembala, safuna kubweza ufa kuti ukhale chimanga. Iye amangogaya mawu ongoganizira ambirimbiri mpaka atapeza amene ufa wake ukufanana ndi wanu, ndipo kadi ya zithunzi ya m'kompyuta yamasewera ya masiku ano imawerengera MD5 maulendo mabiliyoni ambiri pa sekondi imodzi. Fanizo langa la chigayo, limene ndakhala ndikuphunzitsa zaka zonsezi, linali loona, koma ndinali ndisanalingalirepo kuti wakubayo nayenso ali ndi chigayo chake, chachikulu kuposa changa.

Chimene chinandikhutiritsa kuti anthuwa akudziwa ntchito yawo ndi mmene anachitira chionetsero. Anakana kugwira deta yathu popanda kalata ya komiti yowaloleza, yosainidwa ndi wapampando ndi msungichuma. Kenaka anandipempha kuti ndiwapatse ma hash okha, nditachotsa mayina ndi manambala a foni, ndipo anagwiritsa ntchito laputopu yosalumikizidwa ku intaneti, ine ndi msungichuma tikuonerera. Asanayambe pulogalamu iliyonse yothyolera, mnyamata mmodzi anangosanja ma hash aja motsatira zilembo, ndipo nthawi yomweyo mizere yofanana inaonekera itaunjikana pamodzi, kusonyeza kuti mamembala angapo anali ndi pasiwedi imodzi. Analoza mzere wina woyamba ndi 5f4dcc3b n'kunena kuti umenewo safunika ngakhale kuuyesa, chifukwa aliyense wa ntchito imeneyi amauzindikira pamtima kuti ndi MD5 ya liwu lachingerezi lakuti password. Atatero anatsegula pulogalamu yothyolera mapasiwedi yotchedwa Hashcat n'kuipatsa mndandanda wotchuka wa RockYou, umene unachokera ku kampani ya ku America yomwe mu 2009 inaberedwa mapasiwedi oposa 32 miliyoni amene inkawasunga osabisa n'komwe. Tiyi amene anatipatsa asanazizire, gawo ndithu la mapasiwedi athu linali pa sikirini.

Pamenepo ndinadzitonthoza kuti ambiri atsala, ndipo ndinanena kuti mamembala athu amagwiritsa ntchito mawu a Chichewa ndi Chiyawo, amene mndandanda wa ku America sungawadziwe. Apa m'pamene kampani ya kuno kwathu inaonetsa ubwino wake kuposa pulogalamu iliyonse yongokopera pa intaneti. Anali ndi mndandanda wawowawo umene anausonkhanitsa okha, wokhala ndi mayina ofala a ana, mayina a mafuko, a midzi ndi a mitsinje monga Likangala ndi Mulunguzi, mayina a matimu ampira kuyambira Bullets ndi Wanderers mpaka Red Lions ya konkuno, mayina awo apamsewu monga Maule ndi Manoma, mabuku a m'Baibulo otsatana ndi chaputala ndi vesi, komanso mawu monga chikondi, madalitso ndi chisomo. Pulogalamu ija inkatenga liwu lililonse n'kuliyesa ndi chilembo chachikulu koyamba, ndi chaka chobadwa kumapeto, ndi chizindikiro chofuula, ndi ziro m'malo mwa o. Mmene imamaliza, oposa theka anali atagwa, ndipo pakati pawo ndinaona pasiwedi yanga yomwe, dzina la mudzi wa amayi anga ndi chaka chimene ndinayamba ntchito. Msungichuma anaona yawonso, ndipo anangoti kukamwa yasa. Zotsatirazo anazifafaniza ife tikuona, ndipo mu lipoti analemba chiwerengero chokha popanda kutchula pasiwedi ya munthu aliyense.

Kukonza kwawo kunali ndi mbali ziwiri zimene zimayendera limodzi, ndipo anazifotokoza bwino kwa komiti yonse, ngakhale kwa amene sanaonepo code, malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu, chibadwire. Mbali yoyamba ndi imene amati salt, kutanthauza mchere, komwe ndi kuwonjezera zilembo zongotola mwachisawawa ku pasiwedi ya munthu aliyense isanagayidwe, membala aliyense mchere wakewake. Mcherewo si chinsinsi, umasungidwa pambali pa hash yomweyo, koma umachititsa kuti anthu awiri a pasiwedi imodzi akhale ndi ma hash osiyana, kuti matebulo owerengeratu amene akuba amagawana akhale opanda ntchito, komanso kuti wakuba azilimbana ndi membala mmodzimmodzi m'malo mogwetsa onse ndi mwala umodzi. Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti njirayi si yatsopano. Robert Morris ndi Ken Thompson analemba za iyo mu 1979 pofotokoza mmene pulogalamu yoyendetsa makompyuta ya Unix inkasungira mapasiwedi, ndipo ngakhale mchere wawo unali waung'ono, wotha kusintha m'njira 4096 zokha, unalipo. Mayi aja anandichepetsera manyaziwo pondikumbutsa kuti LinkedIn, ndi akatswiri ake onse, mu 2012 inaberedwa ma hash pafupifupi 6.5 miliyoni a SHA-1 opanda mchere, ndipo mu 2016 zinadziwika kuti obedwawo anali oposa 100 miliyoni.

Mbali yachiwiri ndi kusankha hash imene anaipanga dala kuti izichedwa. Apa panali zosankha zingapo, ndipo ndinayamikira kuti anaziika zonse patebulo m'malo mongotiuza chochita. Pali PBKDF2, imene imabwereza hash wamba maulendo masauzande ambiri ndipo ndi imene Django, chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti, imagwiritsa ntchito ngati simunasinthe kalikonse. Pali bcrypt, imene Niels Provos ndi David Mazières anailengeza mu 1999 ataipangira pulogalamu yoyendetsa makompyuta ya OpenBSD. Pali scrypt ya Colin Percival ya mu 2009, imene inabweretsa nzeru yakuti hash izidya memori yambiri kuwonjezera pa nthawi, kuti makadi a zithunzi asathe kuwerengera zikwizikwi nthawi imodzi. Ndipo pali Argon2, ya akatswiri a ku yunivesite ya Luxembourg, imene inapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa ma hash a mapasiwedi mu 2015, yomwe mtundu wake wa Argon2id ndi umene bungwe loona za chitetezo cha mapulogalamu la OWASP limauika patsogolo pa pulogalamu yatsopano. Ine, poti ndinali nditangomva dzina latsopano, ndinkafuna Argon2id basi. Iwo anapita kukayang'ana seva imene timachita lendi, ndiye kuti kompyuta imene pulogalamu yathu imakhalapo, yomwe ndi yotsika mtengo ndipo timagawana ndi mawebusayiti ena, n'kupeza kuti PHP ya pamenepo anaimanga popanda Argon2, ndipo ife tilibe mphamvu yoisintha. Anatiuza mosabisa kuti tingathe kusamukira ku seva yodula, koma bcrypt yoikidwa bwino ndi yokwanira bungwe la msinkhu wathu. Akanafuna kutidyera akanatikankhira ku seva yatsopano n'kulipiritsa ntchito yosamutsa, koma sanatero, ndipo zimenezi ndikuziwerengera pa ubwino wawo.

PHP ili ndi zida zochitira zonsezi kuyambira mtundu wa 5.5 wa mu 2013, zomwe ndi password_hash ndi password_verify, zimene zimapanga mchere zokha n'kuusunga pamodzi ndi hash mu mzere umodzi wa zilembo 60. Kunena zoona, code imene anasintha pamalo olowera siinapitirire mizere yochepa, ndipo membala wina wa komiti anafunsa ngati tinalipiradi ndalama zonsezo chifukwa cha mizere imeneyo. Yankho langa n'lakuti chimene tinalipira ndi kudziwa mizere yoyenera kusintha ndiponso nambala yoyenera kuikamo. Bcrypt ili ndi nambala imene amati cost, ndipo mukaikweza ndi imodzi ntchito yowerengera imawirikiza kawiri. PHP inakhala zaka zambiri ikuyambira pa 10, ndipo mtundu wa 8.4 unakweza kufika pa 12. Anyamata aja sanangokopera nambala m'buku, koma anayesa pa seva yathu yeniyeniyo kangapo, masana ndi usiku, n'kusankha nambala imene imachititsa kuti kulowa kumodzi kutenge kachigawo ka sekondi kamene munthu sangakazindikire. Mayi aja anabwereka fanizo langa lomwe lija pouza komiti kuti tachotsa chigayo cha magetsi n'kubwezeretsa mtondo ndi munsi. Membala amene akusinja kambale kamodzi sadandaula, koma wakuba amene ayenera kusinja matumba mamiliyoni pamtondo womwewo adzakalamba asanamalize.

Anandichenjezanso za malire a bcrypt, kuti imangowerenga ma byte 72 oyamba a pasiwedi (chilembo wamba chimadya byte imodzi) n'kunyalanyaza otsalawo, choncho anaika malire pa fomu kuti munthu asaganize kuti chiganizo chake chachitali chonse chikumuteteza. Mnyamata mmodzi anawonjezera kuti chilembo cha ŵ chimadya ma byte awiri, mfundo yaing'ono imene sindinaiganizirepo ngakhale kuti dzina la dziko lathu ena amalilemba nacho.

Funso lovuta linali la mapasiwedi akale. Popeza palibe amene akudziwa mapasiwedi enieniwo, sizikanatheka kungowasamutsira ku bcrypt. Njira yophweka ndiyo kudikira kuti membala aliyense alowe, n'kusintha hash yake panthawiyo, koma tili ndi mamembala opuma pantchito amene amalowa kamodzi pachaka pa nthawi yogawana phindu, ndipo ma hash awo ofooka akanakhala m'nkhokwe miyezi yambiri. Iwo anasankha kukutira, ndiye kuti anatenga MD5 iliyonse yakale n'kuidutsitsa mu bcrypt ngati kuti iyo ndiyo pasiwedi, n'kuika chizindikiro pa mzerewo chosonyeza kuti ndi wokutidwa. Membala wotere akalowa, pulogalamu imayamba yawerengera MD5 ya zimene walemba, kenaka imayerekeza ndi bcrypt, ndipo zikagwirizana imasunga hash yatsopano yopanda MD5 m'kati n'kuchotsa chizindikiro chija. Mwa njira imeneyi palibe MD5 yamaliseche imene inatsala mu database kuyambira pamene ntchitoyo inatha. Powerenga code yanga anapezanso cholakwa china chimene sindinkachidziwa, chakuti ndinkayerekeza ma hash ndi zizindikiro ziwiri zofananitsira (==) m'malo mwa zitatu (===), ndipo PHP ikaona mizere iwiri yoyamba ndi 0e yotsatana ndi manambala okhaokha imaitenga yonse ngati ziro n'kunena kuti ndi yofanana. Anandionetsa ndi chitsanzo chodziwika cha 240610708 ndi QNKCDZO, mawu awiri osiyana amene code yanga ikanawalandira ngati pasiwedi imodzi.

Tsopano ndinene pamene anapunthwa, chifukwa anapunthwadi, ndipo anatero pa tsiku loipa. Malo osungira hash mu database yanga ndinawapatsa zilembo 32 zokha, zokwanira MD5. Iwo anakulitsa malowo pa seva yawo yoyeserera, koma Lachisanu usiku posamutsira ntchito ku seva yeniyeni anaiwala sitepe imeneyo, ndipo MySQL yathu, pulogalamu imene imasunga database, mmene inaikidwira, siinakane koma inangodula mchira wa hash iliyonse mwakachetechete n'kusunga theka. Loweruka m'mawa, kumapeto kwa mwezi malipiro atangolowa, pamene aphunzitsi amafuna kuona ngati ngongole yadulidwa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatha kulowa, ndipo foni yanga siinapume kuyambira 6 koloko. Ndinawaimbira kangapo asanayankhe. Atayankha, mayi aja sanazembe kapena kuloza chala seva, anati: "Aphunzitsi, cholakwa ndi chathu, tipatseni mpaka masana." Chimene chinatipulumutsa n'chakuti anali atasunga kope la database asanayambe, choncho anabwezeretsa, anakulitsa malowo kufika pa zilembo 255 monga mmene buku la PHP limalangizira, n'kubwereza ntchito yonse. Pofika chakumadzulo zonse zinali bwino ndipo palibe chimene chinatayika. Komabe ndikuona kuti kampani imene ntchito yake ndi kusamala inayenera kukhala ndi mndandanda wolembedwa wa masitepe, inayenera kuyesa kulowa ndi akaunti imodzi isanapite kukagona, ndipo inayenera kutifunsa tsiku limene mamembala salowa kwambiri m'malo mosankha mapeto a mwezi.

Mbali ya woiwala pasiwedi anaikonza bwino, ngakhale kuti poyamba siinali m'mgwirizano ndipo ndinachita kuwakumbutsa. Kale membala akaiwala ankaimbira ine kapena mlembi, ife n'kumuikira pasiwedi yatsopano n'kumutumizira pa WhatsApp, ndipo ambiri sankaisinthanso. Tsopano pulogalamu imapanga nambala yaitali yongotola mwachisawawa, imaitumiza kwa membalayo, ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha kwa mphindi zochepa. Ndinadabwa kuona kuti nambala imeneyo amaisunga ndi SHA-256, imene anali atangoikana pa mapasiwedi, ndipo nditafunsa anandiyankha kuti hash yothamanga ilibe mlandu ngati chimene ikubisa n'chachitali ndiponso chosatheka kuchiganizira, poti vuto la mapasiwedi limachokera kwa anthu amene amasankha mawu afupi ndi mtima wawo. Anaikanso malire a maulendo amene munthu angayese kulowa molakwitsa asanayambe kudikiritsidwa, n'kufotokoza kuti chimenechi chimateteza pakhomo pokha, pamene bcrypt imateteza tsiku limene wakuba wanyamula nkhokwe yonse.

Pali mfundo imodzi imene sitinagwirizane, ndipo mpaka pano ndikuona kuti ine ndinali kumbali yolondola. Mu lipoti lawo loyamba analangiza kuti mamembala azikakamizidwa kusintha pasiwedi miyezi itatu iliyonse, ndiponso kuti pasiwedi iliyonse izikhala ndi chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro. Malangizo amenewa anali ofala kale, koma bungwe la NIST la ku America, m'chikalata chake cha SP 800-63B cha mu 2017, linasiya kuwalimbikitsa, ndipo linati pasiwedi izisinthidwa pakakhala umboni wakuti yabedwa, kuti chofunika kwambiri ndi utali, komanso kuti pasiwedi yatsopano iziyerekezedwa ndi mndandanda wa zodziwika kale ndi zobedwa. Chionetsero chawo chomwe chinali umboni wanga, popeza mapasiwedi amene anagwa msanga anali a mtundu womwewo wa chilembo chachikulu koyamba ndi chaka kumapeto. Mphunzitsi wa ku Thondwe amene mwamukakamiza kusintha miyezi itatu iliyonse adzangosintha nambala yomaliza, kapena adzalemba pasiwediyo kuchikuto cha rejisitala ya kalasi. Titakambirana anachotsa lamulo la miyezi itatu, ndipo anavomera kuika mndandanda wawo wa mawu a kuno ngati sefa yokana mapasiwedi ofooka, koma ananditsimikizira kuti makasitomala ena amafuna lamulolo chifukwa oyendera mabuku awo amalifunsa. Chifukwa chimenecho ndikuchimvetsa, koma katswiri ayenera kuuza kasitomala kuti malangizo anasintha, osati kudikira kuti kasitomalayo ayambe kutsutsa.

Lipoti lomaliza linali lomveka kwa ine, koma lonse linali m'Chingerezi chaukatswiri, ndipo linafika mochedwa ndi sabata imodzi. Komiti yathu ili ndi anthu ophunzira, komabe palibe amene akanalitenga n'kukaliwerenga pamsonkhano waukulu wa mamembala. Ndinawapempha tsamba limodzi la Chichewa lofotokoza chifukwa chimene aliyense anayenera kusankha pasiwedi yatsopano, ndipo anati alibe chizolowezi cholemba zotere, choncho ndinalilemba ndekha. N'zodandaulitsa, chifukwa pakamwa amafotokoza bwino kwambiri m'Chichewa, moti mayi wina wa m'komiti amene amaopa makompyuta anatuluka m'chipinda chija akutha kufotokozera anzake kusiyana kwa mchere ndi mtondo. Pa nkhani ya mtengo, anatipatsa chiwerengero chimodzi cha ntchito yonse popanda kugawa kuti kuunika ndi zakuti, kukonza ndi zakuti, ndipo msungichuma anavutika kuchiteteza pamaso pa mamembala. Titadandaula za Loweruka lija anachotsako pang'ono mosakangana. Njira yotsimikizira munthu kawiri, ya nambala yobwera pa foni kuwonjezera pa pasiwedi, anaiika padera ndi mtengo wake, ndipo komiti inaganiza zoyamba ndi maakaunti a akuluakulu okha amene amatha kusintha ziwerengero za ndalama, zimene ndikuona kuti n'zanzeru.

Bungwe, sukulu kapena kampani yaing'ono imene ili ndi pulogalamu yolembedwa ndi munthu mmodzi wodziphunzitsa yekha ngati ine ingapindule ndi anthuwa, ndipo ndingawalembenso ntchito. Amadziwa nkhani ya ma hash mozama, sagulitsa zinthu zimene simukuzifuna, amasamala deta ya anthu, ndipo akalakwa amavomera. Kufooka kwawo kuli pa dongosolo la ntchito ndi pa zolembalemba, choncho amene akuwalemba aumirire kuti mgwirizano utchule tsiku losamutsira, masitepe ake, njira yobwerera m'mbuyo zikavuta, nambala ya foni imene idzayankhidwe usiku umenewo, ndi mtengo wogawidwa mbali ndi mbali. Amene pulogalamu yake inamangidwa pa Django kapena Laravel, zimene zimasunga mapasiwedi moyenera kuchokera pachiyambi, mwina sangafunike ntchito yonseyi, ndipo kuunika kwa tsiku limodzi kungamukwanire.

Chinthu chimodzi sanachifunse n'komwe, ndipo inenso ndinachikumbukira patapita milungu iwiri ndikufunafuna risiti m'kabati ya ofesi. Kuyambira pamene pulogalamuyo inayamba, mwezi uliwonse ndakhala ndikukopera database yonse pa fulashi, ndipo makope ena ndinkadzitumizira pa imelo poopa kuti fulashiyo ingasowe. Makope onsewo ali ndi MD5 yakale ija yopanda mchere, pamodzi ndi mayina ndi manambala a foni, ndipo ngakhale mamembala asintha mapasiwedi a bungwe, ndikudziwa kuti ambiri amagwiritsabe ntchito akale aja pa Facebook ndi pa imelo zawo. Nditawaimbira, mayi aja anakhala chete pang'ono, kenaka anati funso limenelo linayenera kukhala pa fomu yawo ya tsiku loyamba ndipo aliwonjezerapo. Makope a pa imelo ndinawafafaniza usiku womwewo. Mafulashi atatu amene ndinkakoperapo ali m'envelopu yomata mu sefa ya msungichuma, kudikira msonkhano wa komiti wa mwezi wamawa, umene udzagamule ngati tichotsemo mizere ya mapasiwedi yokha n'kusunga ziwerengero za ndalama kaamba ka oyendera mabuku, kapena tiwaphwanye onse ndi hamala.